Amene Anadula Nsalu Yanga

Mwana wanga wamkazi si munthu wochita zabwino popanda chifukwa. Sindikuti ndi woumira, ayi, koma ndinamubereka ndine ndipo ndimamudziwa. Ali wamng'ono, akatsuka mbale osatumidwa, ndinkadziwiratu kuti mawa lake aphunzitsi andiitanitsa. Ndiye tsiku limene anabwera kunyumba kwathu ku Maryhill, kuno ku Glasgow, Lamulungu masana titangochoka kutchalitchi, n'kunena kuti watigulira matikiti a ndege ine ndi bambo ake kuti tikapume ku Greece, sindinathokoze. Ndinaika chikwama pansi n'kumufunsa kuti, "Walakwa chiyani?"

"Palibe, Mami. Mumagwira ntchito kwambiri, ndangofuna mukaoneko dzuwa."

Anayankha m'Chingerezi, monga amachitira ana okulira kuno: iwe Chichewa, iwo Chingerezi, ndiponso cha ku Glasgow chija chomeza mawu. Bambo ake anali atayamba kale kufunsa ngati kabudula wawo wakale angawakwanebe. Iwo ndi oyendetsa basi, ndipo munthu aliyense wolowa pakhomo amamukhulupirira. Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo kumeneko umaphunzira kuona zimene munthu sakunena.

Chinandikayikitsa kwambiri n'chakuti Greece wake sanali uja wa pa zithunzi, wa tinyumba toyera ndi anthu ogona pamchenga. Anati tikupita kumudzi, kumpoto, kunyanja ina ya pakati pa mapiri kumene boma limatetezako mbalame. Mwana ameneyu anakulira m'mphepete mwa ngalande ya ku Maryhill, abakha akusambira pansi pa zenera lake tsiku ndi tsiku, koma sanayambe wawacheukirapo. Lero mbalame zayamba liti kumukoma? Ndiponso kuyambira nyengo yozizira anali atasiya kutiitanira kunyumba kwake ku Govanhill, mumzinda womwe uno. Ndikati ndidzere ndikusiyireko ndiwo, ankati m'nyumba muli bwerekete, abwera yekha kudzatenga. Mwana wanga bwerekete sanayambe wachita naye manyazi.

Ndinene chimene chinali pamtima panga, kuti zinazi zimveke. Ndi mwana mmodzi yekhayo amene Mulungu anatipatsa, ndipo zaka zinali zikupita. Kuno ku Glasgow Amalawi tilipo ochepa, ndiye chinkhoswe cha mwana wa mnzako ndi chako chomwe. Ndakazinga nkhuku za zinkhoswe za ana a eni mpaka mafuta kunditentha mikono. Ndavina m'maholo a matchalitchi, ndanyamula malichero, ndalulutira mpaka mawu kusasa, nthawi yonseyo mumtima ndikuti langa tsiku likubwera. Nsalu yake ndinali nditagula kale ku Limbe ulendo wina nditapita kumudzi: chitenje cholimba, chobiriwira ngati masamba a mango, cha maluwa achikasu. Ndinachiika m'sutikesi pamwamba pa wadiropu, kuti tsikulo likadzafika ndidzamusokere diresi la chinkhoswe ndi manja anga. Sindinkafuna zambiri kwa mwanayu. Ndinkangofuna kudzakhalapo, pampando wa kutsogolo, tsiku limene adzaperekedwe.

Nkhani ya mwamuna inali itatulukapo kamodzi, zaka zingapo m'mbuyomo. Tinali kukhitchini, iye akusenda anyezi, n'kuyamba kuti, "Mami, pali munthu wina amene ndikufuna mumudziwe." Ndinakweza dzanja.

"Ima pomwepo. Nkhani imeneyo sauza mayi. Uli ndi amalume ako ku Dedza, eni mbumba ndi iwowo. Ukawauze iwo, ndipo iwo ndiwo adzatiuze ife. Kwathu zimayenda choncho."

Ndinamupatsa nambala ya achimwene anga, ndipo tsiku limenelo ndinadzimva kuti ndine mayi wodziwa kulera, woti ngakhale kunja kuno mwambo sunamutayike. Kenako ndinadikira. Mayi safunsa, amadikira kuuzidwa. Ndikaimbira achimwene n'kuizungulira nkhani, iwo ankangoti mbumba yonse ili bwino, basi n'kulowa m'madandaulo a viza yawo yoti adzatione kuno, imene ankakanizidwa chaka ndi chaka. Mwana naye akayamba kutsegula pakamwa mwa mtundu uja, ndinkamukumbutsa kuti njira ndinamuonetsa kale. Pomaliza ndinangoti chibwenzicho chinatha, monga zimathera za ana a masiku ano.

Kutatsala masiku ochepa kuti tinyamuke, ndinakwera pampando kutsitsa sutikesi ija, poti ndiyo yaikulu m'nyumbamo. Nditatulutsa nsalu kuti ndiyiike pena, inandipepukira m'manja. Ndinayitambasula pabedi. Inali itadulidwa, pafupifupi theka, ndi sizasi yakuthwa, mzere wowongoka bwinobwino, ndipo wodulayo anapindira m'kati mbali yodukayo kuti isaoneke. Wakuba wake anali waulemu.

Ndinakhala pansi n'kuyamba kukumbukira anthu amene analowapo m'chipinda chimenecho. Panali mayi wina wa kutchalitchi amene tinamusunga miyezi ingapo atangofika kumene kuchokera kumudzi. Ameneyo ankakonda kuyamikira zinthu zanga mopitirira muyezo. Panalinso bambo a m'nyumba, amene ali ndi alongo awo ambiri ndiponso dzanja lopepuka. Ndinawapeza akuonera mpira.

"Bambo, nsalu yanga yapita kuti?"

"Nsalu iti, mayi?"

"Musandifunse ngati kuti m'nyumba muno muli sitolo. Ya m'sutikesi."

Anayiyang'ana, n'kuyang'ana ine, n'kuti, "Mwina yafupika ndi kuzizira."

Sindinaseke. Lamulungu lotsatira mayi wa kutchalitchi uja ndinamupatsa moni wa nsonga za zala, maso anga ali pa duku lake.

Pabwalo la ndege ndinamuyeza mwana wanga ndi maso kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Choyamba ndinayang'ana pamimba: panalibe kanthu, ndipo khofi anamwa osachita nseru. Kenako manja. Ntchito yanga ndi ya manja. Ndimawasambitsa, kuwadzoza mafuta, kuwenga zikhadabo, ndipo nkhalamba ikaiwala dzina la mwamuna wake, mphete imakhala ikadali pachala. Dzanja lamanzere la mwana wanga linalibe kanthu. Kulamanja kunali kamphete kosalala, kopanda mwala, kamene ndinali nditakaona kwa miyezi ndithu. Kameneko sindinakawerengere. Mphete ya ukwati aliyense amadziwa kuti imakhala kumanzere. Ya kumanja ndi yongodzikongoletsera.

Titatera, kunja kunatilandira kutentha konga kwa ku Chikwawa, ndipo pambali pa galimoto ina panaima mnyamata wamtali, wa ndevu zometa bwino.

"Uyu ndi mnzanga wa kuntchito," anatero mwana wanga, maso ali pa masutikesi. "Ali patchuthi, ndiye wati atiyendetsa. Kwawo ndi pafupi ndi nyanja ija."

Zangochitika mwangozi, eti. Mnyamatayo anandipatsa dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono, bondo litapindika pang'ono, n'kuti, "Muli bwanji, amayi?" m'Chichewa chokhota koma chomveka. Bambo anaseka mpaka kumugwira paphewa. Ine ndinayankha kuti ndili bwino, kaya iye, koma mumtima ndinati pofuka utsi pali moto. Mnzako wa kuntchito suchita kumuphunzitsa kugwira pachigongono.

Poti galimoto imandichititsa chizungulire ndikakhala kumbuyo, anandikhazika kutsogolo, pambali pake. Ulendo wonse anzanga ankaona minda ya mpendadzuwa, ya chimanga, ndi ya fodya, inde fodya weniweni ngati wa ku Kasungu, koma ine maso anga anali pa manja a pachiwongolero. Kumanzere kunalibe mphete. Pachala china cha kumanja panali kamzere koyera, pamene dzuwa silinafikepo, koma sindinakaganizire kwambiri. Anyamata a masiku ano amavala zinthu zambiri.

Ndisaname, pofika kumudziko mtima wanga unali utayamba kuvina. Ndinati nkhani ndi imeneyi: watibweretsa kuti munthu wakeyu adzapemphe ukwati mwachizungu, pamaso pa makolo, patebulo. Yankho ndinalikonzeratu. Ndidzamumvetsera mpaka amalize, kenako ndidzamuuza mofatsa kuti ife sitiyankha, apeze ankhoswe akaonane ndi amalume. Ndidzamutulutsa thukuta pang'ono, ndiyeno tidzavomera. Ndinafika poyeza m'mutu ngati nsalu yotsala ija ingakwane diresi lopanda manja.

Nyanjayo, ndivomere, ndi yokongola, ngakhale ine ndine wa ku Dedza ndipo madzi amene ndimawakhulupirira ndi a m'ndowa. Yagona pakati pa mapiri, madzi ake ali phee, m'mbali monse muli bango ndi mitengo yoima m'madzi mpaka m'chiuno. M'mudzimo, pamwamba pa mapolo a magetsi, pali zisa za adokowe zazikulu ngati madengu, ndipo eni mudzi amadutsa pansi pake osayang'ana n'komwe. Chimene chinandiimitsa mutu ndi njati. Zinali zitagona m'matope m'mphepete mwa msewu, zambirimbiri, bambo mmodzi akuziweta ndi kandodo. Kwathu njati ukaiona umakwera mumtengo, koma kumeneko amazikama mkaka. Ndinauza amuna anga kuti dziko limene njati zimalola kukamidwa si loti ulikhulupirire msanga.

Masana a tsiku loyambalo anatikweza pa nsanja yamatabwa yoonerapo mbalame, n'kutipatsa magalasi oonera patali. Ana awiriwo anati atsike akatenge madzi akumwa m'galimoto. Bambo ankandiitana kuti ndione akakowa, mayi taonani uyu, mayi taonani uyo. Ine magalasiwo ndinawatembenuzira koimika magalimoto. Ndinawapeza ataima kuseri kwa galimoto, akukangana. Mnyamata ankatambasula manja ngati wopempha, mwana wanga akupukusa mutu. Kenako iye anamuchotsa kaudzu patsitsi, osasiya kuyankhula, mwana wanga osadzidzimuka n'komwe. Anthu oyamba kumene sakangana choncho, ndipo sachotsana udzu choncho. Aja anali anthu ozolowerana.

"Mwaona chiyani, mayi?" anafunsa bambo.

"Mbalame ziwiri," ndinatero.

Tsiku lachiwiri mnyamata uja anati mayi ake atiitana ku chakudya chamasana. Galu wa pakhomopo anatiuwa ine ndi bambo mpaka kutuluka thovu, koma ataona mwana wanga anagona chagada kuti amukande pamimba. Ndinaona. Mayiwo anali aafupi, ovala zakuda kuyambira duku mpaka nsapato, poti amuna awo anali atamwalira chaka chapitacho. Anandigwira masaya ndi manja onse awiri, kundipsompsona uku ndi uku, n'kuyamba kulira. Munthu sunamuonepo chibadwire, ukumulirira chiyani? Chingerezi sankachidziwa, ndiye tinkangoyang'anana n'kumagwedezerana mitu.

Anayala tebulo pansi pa mpesa, mbale zonse pakati, aliyense n'kumatapa momwemo: nsomba zokazinga, tomato, nyemba zikuluzikulu, ndi tchizi cha mkaka wa njati zomwe zija. Mnyamata uja anakhala pafupi nane n'kumandiikira chakudya, ine n'kumadya, poti chinali chokoma ndipo mlandu sunali wa nsomba. Kenako matambula anaperewera. Mwana wanga anadzuka osafunsa munthu, kulowa m'nyumba ya eni, n'kutuluka nawo awiri. Pazenera ndinamuona bwinobwino: sanafufuze, analunjika pa kabati yake yeniyeniyo.

"Bambo," ndinanong'ona, "mwana wanuyu nyumba ino akuidziwa."

"Makabati amafanana, mayi. Idyani."

Apa ndinayamba kuwakayikira nawonso. Munthu sangakhale wosaona chonchi mwaulere.

Pempho lija ndinalidikira mpaka mavwende anabwera, mpaka khofi wa m'timakapu ting'onoting'ono wotsala matope pansi. Mnyamata ankati akatsegula pakamwa n'kuyang'ana mwana wanga, mwana wanga n'kupukusa mutu pang'ono, iye n'kuyamba kufunsa bambo za mabasi a ku Glasgow. Tinachoka popanda mawu. Ngati cholinga chili chabwino, chovuta n'chiyani? Kuvina kuja mumtima kunaleka, kunatsala mantha.

M'mawa mwake anatikweza boti kuti tikaone avuwo, mbalame zija za thumba kukhosi. Ndinavala jekete lopulumutsira moyo n'kulimanga mpaka kubanika. Mwini boti anali bambo wonenepa, wa Chingerezi chapatalipatali, ndipo iye ndi amuna anga anagwirizana nthawi yomweyo, poti onse ndi oyendetsa. Tinadutsa pakati pa mitengo yomira, mbalame zili mbwee m'nthambi, fungo la zitosi lili guu. Avuwo ankabwera pafupi penipeni ndi boti, kuyandama mwaulemu ngati akuluampingo, n'kumatiyang'ana ndi diso limodzi. Onse ankajambula. Ine ndinkayang'ana anthu awiri amene anakhala motalikirana kwambiri kuposa mmene anthu ogwira ntchito limodzi amakhalira.

Pobwerera, titayandikira kokocheza, tinaona akwati akujambulitsa pafupi ndi katchalitchi koyera ka m'mphepete mwa madzi, mkwatibwi atakweza dzanja kuonetsa mphete. Amuna anga, amene sangaone chinthu osachiyankhulira, anauza mwini boti kuti wojambulayo wawasokoneza anawo, dzanja lakelo si limenelo. Mwini boti anaseka, n'kutambasula dzanja lake lamanja, mphete itamira m'mnofu wa chala.

"Kuno ndi kumanja," anatero. "Kumanzere ndi kwa chitomero, anthu akadali kulonjezana. Mukakwatirana imasamukira kumanja."

Maso anga anathamangira pa dzanja la mnyamata uja, limene linali pamilomo ya boti. Kamzere koyera kaja kanali pachala chomwecho. Zonse zinalumikizana nthawi imodzi. Munthuyu ndi wapabanja. Wavula mphete n'kuyiika m'thumba kuti atipusitse. N'chifukwa chake pempho likukanika kutuluka. N'chifukwa chake achimwene anangoti zii, anamva n'kuchita manyazi. Mayi ake analira atandiona poti akudziwa kuti mwana wawo akuwononga mwana wa eni. Mwina mkazi wake ali mumzinda wina ndi ana. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wovumbwa pano akhala mwana wanga. Madzi aja ndinaiwala kuwaopa.

Titangokocheza sindinadikire kuti wina andithandize kutsika. Ndinamugwira dzanja mwana wanga n'kumukokera pa chimtumbira chachitali chimene anachimanga kutchinga madzi, kutali ndi anthu, jekete lija ndikadali nalo.

"Mami, mukundipweteka."

"Zikupweteke. Munthu wakoyu ukumudziwa bwino?"

"Munthu wanga uti?"

"Usandiyese mwana. Galu akukudziwa, makabati ukuwadziwa. Koma chimene sukudziwa ndikuuze ine: munthu uja ndi wokwatira."

Anaima. "Wakuuzani ndani?"

"Ndili ndi maso. Wamumva wekha mwini boti. Kuno mphete ya ukwati imakhala kumanja, ndipo iye chala chake cha kumanja chili ndi..."

Sindinamalize. Dzanja limene ndinali kulifinya linali lamanja, ndipo kanthu kolimba kankandibaya pachikhatho. Ndinatsegula zala zanga pang'onopang'ono. Kamphete kosalala kaja kanali pomwepo, pamene kanakhala miyezi yonseyi, patebulo panga, m'khitchini mwanga, ine ndikukaona.

"Inde ndi wokwatira, Mami," anatero. "Anakwatira ine."

Ndinakhala pansi paudzu. Kumunsi kwathu njati zinkangobzikula.

Anakhala pambali panga n'kuyamba kufotokoza, ndipo kwa nthawi yoyamba chikulire anayesetsa kuyankhula Chichewa, chothyokathyoka, ngati kuti m'Chingerezi nkhaniyo ikanandipweteka kwambiri. Anati amalume anawaimbira sabata yomwe ija ndinamupatsa nambala. Amalume anakondwa, koma anati nkhani ya ukwati siikambidwa pa foni. Abwera okha ku Glasgow adzakhale pansi ndi makolo, ndipo asanafike iye asatiuze kanthu. Viza inakanika. Anayesanso, inakanikanso. Mwana wanga anawapempha kuti iye ndi mnzakeyo apite ku Dedza, koma amalume anati ayi, makolo ali ku Ulaya, nkhani ikakambidwire komweko, adikire pang'ono.

"Ndikabwera kwa inu, mumakweza dzanja. Ndikapita kwa amalume, akuti dikira. Bambo ake a iyeyu ankangofunsa kuti ukwati uli liti, mpaka anamwalira tikudikira. Titabwera kumaliro tinati tidikira mpaka anthu onse atha. Ndiye titabwerera ku Glasgow tinapita kukhonsolo kukakwatirana Lachisanu lina m'mawa, ndi anzathu awiri."

"Mayi ake analipo?"

"Ayi. Ndinati ngati inu palibe, iwonso asakhalepo. Tinawauza pambuyo pake. Inu ndinkakuopani. Ndinati mwina mukaona kwawo, mukadya nawo, ndipeza poyambira. Iye anavula yake kuti ndiyambe ndakuuzani. Ine yanga ndinakana kuvula."

Ndinakwiya, sindibisa. Ndinakwiyira achimwene, amene anasandutsa mwana wanga tikiti ya ndege. Ndinakwiyira mwanayo, womvera mwambo pamene akanaudumpha, n'kuudumpha pamene unafunika. Koma pansi pa mkwiyowo panali chisoni chenicheni. Tsiku limene ndinalidikira moyo wanga wonse wa ku Glasgow linabwera n'kupita, Lachisanu wamba, ine mwina ndikusambitsa nkhalamba ya eni, pamtunda woti basi ya amuna anga ikanandifikitsa tiyi asanazizire.

Kenako nzeru ina inandifikira. "Tamvera," ndinatero, nditagwiranso dzanja lija. "Mwini boti wati kumanzere ndi kwa chitomero. Isamutsire kumanzere. Kwa anthu akuno ukhala wotomeredwa chabe, tikakafika kwathu ukaibisa, amalume tiwaimbira lero lomwe, tiyambirenso bwinobwino. Kutchalitchi palibe adziwe."

Ndinayamba kuipotokola mpheteyo. Mwana wanga anafumbata dzanja, osati mwaukali, koma zolimba.

"Ayi, Mami. Chinkhoswe mukachifuna tipanga, ndivina mpaka miyendo itupe. Koma iyi siichoka. Ndine mkazi wa munthu."

Ndinamusiya. Madzi akatayika saoleka. Chapatali ndinaona amuna anga ataima ndi mnyamata uja pafupi ndi galimoto. Mnyamatayo ankayankhula manja ali kumbuyo, ndipo bambo anali atavula chipewa n'kumachizunguza m'manja. Ndinadziwa kuti nawonso akumva kumene, ndipo ndinawakhululukira mlandu umene iwo sanaudziwe n'komwe.

Funso limene linatuluka pomaliza silinali lanzeru, koma ndi limene linali pamtima.

"Unavala chiyani?"

Anatulutsa foni, kufufuza, n'kundipatsa. Pachithunzipo anali ataima pamasitepe a nyumba ya khonsolo, pansi ponyowa, kumwamba kotuwa monga mwa masiku onse, mnyamata uja atamugwirira ambulera. Anavala jekete lakuda losamanga mabatani, ndipo m'kati mwake munali diresi lobiriwira ngati masamba a mango, la maluwa achikasu.

"Ndinkafuna mukhalepo," anatero. "Ndinasoka ndekha."

Zinkachita kuoneka kuti anasoka yekha. Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala. Phewa limodzi linali lokwera, ndipo mpendero unakhota kuyambira pabondo mpaka kumbuyo. Ntchito ya masana amodzi, ndikanauwongola. Apa m'pamene ndinalira, paudzu wa dziko la eni, nditavala jekete la boti.

Titafika pagalimoto, mnyamata uja anathamanga kukanditsegulira chitseko cha kutsogolo, monga ankachitira chifikire chathu. Mphete yake inali itabwerera pachala. Ndinaima. Masiku onsewa ndinali nditakhala phewa ndi phewa ndi munthu ameneyu, kudya naye mbale imodzi, kumulola kundiikira nsomba, zinthu zoti mayi anga akanamva akanagwira pakamwa. Ndinatsegula ndekha chitseko cha kumbuyo.

Iye anayang'ana mkazi wake mwamantha, n'kufunsa ngati ndamukana.

"Umuuze," ndinatero, "kuti kwathu mpongozi sakhala pafupi ndi mkamwini wake. Kutsogoloko akhale bambo ako."

Mwana wanga anamasulira. Ndinakhala kumbuyo, pambali pake, ndipo chizungulire chinandigwira tisanatuluke n'komwe m'mudzimo, koma sindinanene. Foni ija inali ikadali m'manja mwanga, ndipo njira yonse ndinkangoyang'ana mpendero uja.